Katapila amene tinadzikongoza tokha

Pa ofesi yathu ya pa Kamuzu Road kuno ku Salima tilipo atatu basi. Timapanga pulogalamu ya pa foni yomwe magulu a banki m'khonde amalembamo masheya ndi ngongole. Chaka chatha bwana wathu ankati akachokera ku Lilongwe, m'thumba muli chatsopano: lero uthenga wokumbutsa tsiku lobweza ngongole, mawa malipoti amitundumitundu, mkuja kulumikiza ndi Airtel Money ndi Mpamba. Sindikuwanena ayi. Otipatsa ndalama amafuna chooneka ndi maso, ndipo palibe amene amakuombera m'manja chifukwa wamata mng'alu womwe iye sanauone.

Ife tinkangoti chabwino bwana. Ma test, oyesera ngati pulogalamu ikugwira bwino ntchito, tinkati tilemba tikapeza mpata. Mpatawo mpaka lero tikuufunabe.

Zinatiphulikira mu Disembala, nthawi yogawana. Gulu lina la amayi cha ku Khombedza linawerenga ndalama za m'bokosi, n'kupeza kuti zaperewera K45,000 poyerekeza ndi zomwe foni inkanena. Maso onse anali pa msungichuma, mayi wachikulire amene wasunga bokosilo zaka zambiri popanda dandaulo. Anandiimbira mawu akunjenjemera: "Achimwene, ndiye mukuti ndaba ine?"

Sanabe. Netiweki ikadukiza, mlembi ankaona ngati sizinapite, n'kudinanso batani lotumizira, ndipo seva yathu, kompyuta yomwe imasunga zonse zochokera m'mafoni, inkalemba masheya amodzimodziwo kawiri. Chondipweteka n'choti vutoli ndinaliona ine mu Juni, ndinalemba kamzere m'kodi (malamulo olembedwa oyendetsa pulogalamu) kuti tidzakonza, kenako ndinathamangira malipoti okongola aja. Kukonza kwake kunatenga masiku awiri okha: cholemba chilichonse chimapatsidwa nambala yakeyake pafoni pomwepo, ndipo seva ikaiona kachiwiri imakana. Koma kukapepesa pamaso pa gulu lonse, pansi pa mtengo wa mango, ndinapita ndekha pa kabaza.

Ward Cunningham, katswiri wolemba mapulogalamu a kompyuta, mu 1992, anayerekeza kodi yolembedwa mothamanga ndi ngongole. Ine ndimati ndi katapila weniweni, chifukwa chiwongoladzanja chake chimakula uli mtulo, ndipo wobwera kudzalanda katundu safika kwa iwe wotenga ngongole, amafika kwa mayi wa ku Khombedza.

Kuyambira Januwale, Lachisanu n'lokonza zakale basi, chatsopano sichilowa. Ndiponso chilichonse chisanatuluke timachiyesa pa kafoni ka itel kong'aluka galasi, titazimitsa data pakatikati, osati pa laputopu ili pa Wi-Fi. Izi zatichedwetsa, sindikana. Zolumikiza ndi Mpamba zomwe tinalonjeza mu Marichi sizinathebe.

Sabata yatha bwana anabwera akumwetulira, akuti alendo akubwera ku Senga Bay ndipo akufuna kuona chatsopano. "Tabwerekeni Lachisanu limodzi lokhali," anatero. Ndinawafunsa kuti adzabweza liti. Anaseka, ine sindinaseke, ndipo nkhaniyi tikukamba mawa m'mawa.