Kuchokera ku akasupe otentha a ku Chiweta kukafika ku mathithi a Manchewe

Chimene ndakhala ndikukonzekera chaka chino pa nkhani yoyenda m'mapiri ndi ulendo wapansi wochokera ku Chelinda, pamwamba pa Nyika, kutsikira ku Livingstonia, umene umatenga masiku atatu ndipo munthu amagona m'tchire pamodzi ndi msilikali wa zanyama amene amaperekeza alendo. Mpaka pano ndakhala ndikuyeserera m'nkhalango ya Kaning'ina kufupi ndi Mzuzu kumene ndimakhala, koma zitunda za kumeneko n'zazifupi ndipo nyengo yake ndi yozizira, kotero kuti sizikanandiuza zoona zenizeni za miyendo yanga. N'chifukwa chake kumapeto kwa sabata yathayi ine ndi anzanga awiri tinasankha chikweza cha m'mbali mwa nyanja m'boma la Rumphi, kuyambira ku akasupe a madzi otentha a ku Chiweta mpaka ku mathithi a Manchewe, aliyense atabereka chikwama cholemera makilogalamu 12, kulemera kumene tikuyembekeza kudzasenza ku Nyika.

Tinanyamuka ku Mzuzu Loweruka mbandakucha pa minibasi yopita ku Karonga, ndipo titatsika makona a msewu wa M1 tinafika pa Chiweta dzuwa lisanawawe. Akasupewo ali m'tsinde mwa phiri pakati pa mitengo ndi udzu, ndipo mmawa chizindikiro choyamba ndi nthunzi imene imafuka pamwamba pa miyala, kenako fungo la sulufule longa la mazira owola. Pamene madziwo akutumphukira amatentha pafupifupi madigiri 80, ndipo ali m'gulu la akasupe otentha kwambiri m'Malawi muno, choncho munthu sangayerekeze kupisamo dzanja. Amayi ena achikulire amene ankachapa chakumunsi, titawapatsa moni wa Chitumbuka, anatilozera pamene madziwo afika atapolako, ndipo m'pamene tinaviika mapazi kwa kanthawi tisanayambe ulendo.

Ndinkafunitsitsa kuyambira pamenepa chifukwa akasupewa ndi chikweza chimene tinkati tikwere zinachokera ku chinthu chimodzi. Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chimene chinapangika pamene nthaka inang'ambika, mbali ina n'kutitimira, ina n'kutsala pamwamba. Mvula imene imagwa kumapiri a Nyika imalowa pansi kudzera m'ming'alu ya matanthwe, ndipo poti kutentha kwa pansi kumawonjezeka ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse imene munthu angatsike, madziwo amatenthedwa kenako n'kukankhidwira kumtunda motsata ming'alu yomweyo. Kugwedezeka kwa ming'alu ya mtundu umenewu n'kumene kunabweretsa zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009. Akatswiri akhala akuyeza madzi a ku Chiweta kuti aone ngati kutentha kwake kungapange magetsi, ndipo ine ndingakondwere zitatheka, bola anthu a m'deralo asadzalandidwe malo amene akhala akusambapo ndi kuchapapo kuyambira makolo awo.

Kuchoka apo tinakwera matola kwa kamtunda kochepa kukafika pa Chitimba, pamene pamayambira msewu wa Gorodi. Msewuwu ndi wa makilomita pafupifupi 15, uli ndi makona okhota kwambiri okwana ngati 20, ndipo umachoka m'mphepete mwa nyanja, pamalo okwera mamita osakwana 500, kukafika ku Livingstonia kumene kuli kopitirira mamita 1,200. Anthu a kumeneko satsata msewu wonse ayi, koma amadula makonawo podzera m'tinjira tachidule toongoka ndi phiri, ndipo tinaona amayi akukwera tinjira timeneto atasenza madengu a usipa wokagulitsa kumtunda. Ife tinagwirizana kuti pokwera titsate msewu kuti tiyeze mpweya wathu pa mtunda wautali, ndipo tinjira tachidule tidzatiyese pobwerera.

Gawo loyamba ndi limene linali lowawa, osati chifukwa cha kukwera kokha koma chifukwa cha kutentha kwa kunyanja, kumene ngakhale mu Ogasiti kumatulutsa thukuta lambiri. Njira imene ndakhala ndikudziphunzitsa inandithandiza kwambiri pamenepa: kuponda mapazi pafupipafupi, kuyenda pa liwiro loti munthu angathe kulankhula ndi mnzake osachita wefuwefu, ndi kumwa madzi pang'onopang'ono ludzu lisanafike. M'botolo limodzi ndinasungunuliramo Thanzi kuti abwezeretse mchere wotayika ndi thukuta, ndipo akatumba sanandikokane ngakhale kamodzi. Tikukwera, mphepo ya mwera inayamba kutipeza, ndipo mitengo ya mombo inali itayamba kuphuka masamba ake ofiirira a nyengo ino, pamene misuku inali ndi zipatso zosapsa. Anyani ankatiyang'ana ali pamatanthwe. Chimene chinandidetsa nkhawa ndi malo angapo otsetsereka kumene mitengo yadulidwa ndipo tchire latenthedwa, chifukwa nthaka ya pamalo otere ikasowa mizu yoigwira imakokolokera kumsewu ndi kumitsinje mvula ikangoyamba.

Tinafika pa Manchewe titayenda maola anayi ndi theka kuphatikizapo nthawi yopuma, ndipo ndinali ndidakali ndi mphamvu, chimene n'chizindikiro choti kuyeserera kwa ku Kaning'ina sikunapite pachabe. Mathithiwa ali pa mtunda wa makilomita ngati anayi munthu asanafike ku Livingstonia. Madzi amagwa kuchokera pa thanthwe lotalika mamita 125 kulowa m'phompho lodzaza ndi nkhalango yowirira, ndipo chapafupi pali mathithi ena a Kazichi amene amagwera m'phompho lomwelo. Nkhalango ya m'phomphomo ndi yosiyana kotheratu ndi mitengo ya mombo imene tinadutsamo, chifukwa chifunga cha madzi chimainyowetsa chaka chonse, moti masamba ake amakhala obiriwira ngakhale m'chilimwe. Kuyang'ana kum'mawa munthu amaona nyanja yonse ili phee, ndipo tsidya lake mapiri a ku Tanzania amaoneka mwa chizimezime.

Mnyamata wina wa m'mudzi wapafupi anatitsogolera pa kanjira kotsikira kuphanga limene lili kuseri kwa madzi. Kanjirako n'koterera, ndipo pena munthu amayenera kugwira mizu ndi manja onse awiri, choncho tinasiya zikwama kumtunda. Iye anatichenjeza kuti, "Achimwene, pondani pamene ndaponda ine, musayang'ane kumadzi mukuyenda," ndipo tinamvera. Anthu a m'deralo amasimba kuti makolo awo, Aphoka, ankabisala m'mapanga amenewa pothawa nkhondo za Angoni ndi ogwira akapolo. Nditaima m'phangamo, madzi akugwa patsogolo panga ndi mkokomo woti sitinkamvana, ndinamvetsa chifukwa chake malowo anali pothawirapo pabwino, ndipo ndinaganizira za amayi amene ankatsika kanjira komweko atabereka ana kumbuyo.

Madzi a Manchewe ali ndi mbiri inanso. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anaikweza kuphiri la Khondowe pothawa malungo a kunyanja. Patangopita zaka zochepa, mtsinje womwewu unayamba kupukusa makina opangira magetsi a pamishoni, pa nthawi imene matauni ambiri a m'dziko muno ankaunikirabe nyali. Madzulo tinayenda mtunda wotsalawo, tinaona Stone House, nyumba ya miyala imene Laws ankakhalamo, tinadya kondowole wa usipa, ndipo tinagona m'matenti athu kuti tiyesenso zofunda. Usiku kunazizira ndithu, ndipo poti Chelinda ili pamwamba kuposa Livingstonia ndi mamita ngati 1,000, kumene m'miyezi yozizira udzu umachita chisanu, ndaona kuti chofunda changa n'chopepuka ndipo ndiyenera kupeza china chochindikala.

Phunziro lalikulu la ulendowu linabwera Lamulungu potsika. Tinjira tachidule tija tili ndi timiyala tosakhazikika ndi fumbi loterera, ndipo chikwama chimakankha munthu kuchokera kumbuyo pa sitepe iliyonse. Pokwera, ntchito yaikulu imakhala ya mapapo ndi mtima, koma potsika minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ndi imene imagwira thupi lonse kuti lisagwe, ndipo imatopa mwa mtundu wina umene kukwera sikuukonzekeretsa. Tisanafike pakati pa phiri maondo anga anali atayamba kunjenjemera, zala za kumapazi zinkagunda kutsogolo kwa nsapato, ndipo pa Chitimba ndinapeza thuza pa chala chachikulu. Mnzanga amene anali ndi ndodo ziwiri anatsika mosavutika kwambiri, chifukwa mikono yake inkalandirako gawo la katundu. Zimenezi n'zofunika kwa ine chifukwa njira ya ku Chelinda, ngakhale ili ndi zitunda zake, mbali yaikulu ndi yotsika, ndipo amene angaione mopepuka poganiza kuti kutsika n'kosavuta akhoza kufika ku Livingstonia akutsimphina.

Motero ndasintha dongosolo langa la miyezi ikubwerayi. Ku Kaning'ina ndizisankha njira zotsetsereka kwambiri ndi kuzitsika nditasenza katundu yense, ndizichita masewero olimbitsa ntchafu pamasitepe mkati mwa sabata, ndipo ndasema kale ndodo ziwiri za nsungwi zofika m'chigongono. Nsapato ndizimanga mothinitsa pa kakolo ndisanayambe kutsika kuti phazi lisamasendere kutsogolo. Tagwirizananso kuti tibwerere ku Gorodi mvula isanayambe, koma tidzayambire kumtunda ndi kutsirizira pa Chiweta, kuti tidzayese kutsika tili ndi mphamvu zonse ndiponso kuti madzi otentha aja adzatipeze pamene miyendo ikuwafuna. Maondo akadzapirira ulendo umenewo, tidzalembetsa ku ofesi ya paki ya Nyika kuti atipezere wotiperekeza chilimwe chamawa.