Sabata yolekanitsa mitundu ya hydrogen mu labu

Lolemba ndi Lachiwiri tinangokhalira kukonza column. Ndi kapaipi kakatali kopindidwa ngati nkhata, kodzaza ndi ufa wa alumina, ndipo timayamba takawotcha kuti chinyezi chonse chichoke. Ophunzira athu kuno ku Blantyre amafuna kuona ndi maso mmene gas chromatography, njira yolekanitsira magasi powadutsitsa mu column, imalekanitsira hydrogen wamba ndi deuterium, hydrogen wolemera uja anamutulukira Harold Urey mu 1931. M'madzi a pampopi, pa maatomu a hydrogen pafupifupi 6,400 mumapezeka deuterium mmodzi yekha, choncho tinasakaniza madzi olemera (okhala ndi deuterium) ndi madzi wamba, n'kuwaswa ndi magetsi kuti tipeze magasi atatu m'botolo limodzi: H2 (hydrogen wamba), HD (hydrogen wamba wogwirana ndi deuterium) ndi D2 (deuterium yekha).

Vuto ndi lakuti atatuwa amafanana kwambiri. Column ikakhala yofunda amangodutsa limodzi, osasiyana. Muyenera kuiviika mu nitrogen wamadzi, pa madigiri 196 kunsi kwa ziro. Pamenepo wolemerayo amakakamira pa alumina kwa nthawi yotalikirapo, wopepuka n'kutsogola. Nitrogen ameneyu sachedwa kuuluka, makamaka ndi kutentha kwa Okutobala kuno, ndiye ntchito yanga yaikulu inali kuthira ndi kuyang'anira kuti column isatulukire pamwamba. Lachitatu magetsi atathima, jenereta isanalire n'komwe, mzere wa pa kompyuta unali utasokonekera kale. Tsikulo linapita choncho.

Lachinayi ndiye kunali nkhani. Tinayamba ndi hydrogen wamba yekha, koma pa mzere wa pa kompyuta, pomwe gasi aliyense amaonetsa nsonga yake, panatuluka nsonga ziwiri. Mtsikana wina anati, "Bambo, kodi gasiyu si wakuda?" Ayi, sanali wakuda. Hydrogen wamba ali pawiri, ortho ndi para, malinga ndi mmene ma proton ake awiri akuzungulirira, ndipo pa kutentha kwa m'chipinda magawo atatu mwa anayi amakhala ortho. Pa alumina wozizira para amatuluka poyamba, ortho n'kumachedwa mpaka kukagundana ndi HD. Ine ndimakonda kuwasiya ophunzira adabwe kaye ndisanasinthe column, chifukwa akangowerenga m'buku amaiwala mawa lake. Column yachiwiri ili ndi alumina wopakidwa iron oxide, yemwe amachititsa ortho ndi para kusinthana mwachangu moti amatuluka ngati nsonga imodzi. Apa zinabwera bwino: H2, kenako HD, pomaliza D2.

Gasi wokankhira magasiwa mu column tinagwiritsa ntchito helium. Neon ndiye wabwino, koma mtengo wake si wa labu ngati yathu. Popeza detector yathu, chida chozindikira gasi wotuluka mu column, imavutika kusiyanitsa helium ndi hydrogen, timadutsitsa gasiyo pa copper oxide wotentha kuti asanduke nthunzi ya madzi, yomwe imaoneka msanga.

Lachisanu mnyamata wina anafunsa za tritium, mtundu wa hydrogen wolemera kuposa deuterium. Ndinamuuza kuti ameneyo amatulutsa radiation, theka lake limatha pa zaka 12.3, ndipo amene akulimbana naye ndi anthu ngati a ITER, ntchito yofufuza mphamvu ya nyukiliya ku Cadarache, ku France. Ife tilibe chilolezo chake ngakhale zida zomusungira. Nitrogen anali atatsala pang'ono m'thanki, ndiye tinatseka masilinda masana, ine n'kukhala pansi kulemba pempho la nitrogen wina wa gulu la sabata yamawa.