Sabata imene log inakhala chete

Lolemba ndisanakhale n'komwe pampando ku ofesi kwathu ku Braamfontein, mu mzinda wa Joni, foni inalira: tsamba lolipirira katundu likubwezera makasitomala uthenga wa vuto wa nambala 502 m'malo motseguka. Ndinalowa mu seva, kompyuta imene imayendetsa tsambalo, pa SSH (njira yolowera mu seva uli kutali) n'kulemba tail -f /var/log/nginx/error.log, lamulo loonetsa mizere yatsopano imene ikulembedwa mu log, fayilo yolembamo zolakwika. Mizere inkangotsika, yonse ikunena chimodzi: Connection refused, kutanthauza kuti kulumikizana kwakanidwa. Nginx, pulogalamu imene imalandira obwera pa tsambalo, inali bwinobwino, koma pulogalamu imene ili kumbuyo kwake inali itazima usiku. Ndinaiyatsanso, zinthu n'kuyenda.

Lachiwiri zomwezo. Poweruka ndinasiya tail -f ikuyenda mu tmux, pulogalamu imene imasiya lamulo likuyendabe ngakhale utatuluka mu seva, kuti ndigwire chimene chimachitika usiku.

Lachitatu ndinapeza sikirini ili zii, palibe mzere watsopano kuyambira pakati pa usiku, chonsecho makasitomala akudandaulabe. Mnzanga wa ku Dedza amene timakhala moyandikana anasuzumira n'kufunsa kuti, "Achimwene, f ameneyu mwalemba wamng'ono kapena wamkulu?" Pamenepo ndi pamene panali nkhani. Usiku uliwonse logrotate, pulogalamu yosamalira mafayilo a log, imasintha dzina la error.log kukhala error.log.1 n'kutsegula fayilo yatsopano. Tail -f imakakamira fayilo imene inatsegula poyamba ngakhale dzina litasintha, pomwe tail -F imatsatira dzina ndipo imasamukira ku yatsopanoyo. Ndinagonera fayilo imene nginx inasiya kulembamo. Zinandiwawa, chifukwa anthu analephera kulipira usiku wonse ine ndikuyesa kuti ndaika mlonda.

Madzulo ake sindinathamangire kunyumba. Ndinafukula mafayilo akale a log opanikizidwa (a .gz) ndi zgrep, lamulo lofufuzira mawu m'mafayilo oterowo. Nthawi inayamba yandisokoneza: makasitomala ankati vuto limayamba 2 koloko m'bandakucha, log ikunena 00:00. Seva yathu imayendera UTC, nthawi imene dziko lonse limayerekezerapo, pomwe kuno ku Joni, monganso kwathu ku Malawi, tili patsogolo ndi maola awiri. Nditagwirizanitsa nthawizo, journalctl -k, lamulo loonetsa mauthenga a kernel (mtima wa sisitimu ya seva), inandionetsa mzere umene ndinkaufuna: Out of memory: Killed process, kutanthauza kuti memore inatha ndipo pulogalamu inaphedwa. Ntchito ya backup, yokopera deta kuti isungike, inkadzuka nthawi yomweyo n'kudya RAM (memore ya seva) yonse, kernel n'kupha pulogalamu yathu kuti seva isafe.

Lachinayi tinaikira backup malire a RAM, n'kuuza systemd, imene imayang'anira mapulogalamu a pa seva, kuti iziyatsanso pulogalamuyo ikazima. Usikuwo ndinasiya tail -F.

Lachisanu m'mawa sikirini inasonyeza kuti tail inaona fayilo yatsopano n'kuitsatira. Pansi pake panalibe Connection refused ngakhale mmodzi, ndipo foni sinalire mpaka ndinakakwera takisi pa Bree madzulo.