Sabata yosamutsa matesti kuchoka pa nose

Ntchito yomwe ndinapatsidwa Lolemba inali yosamutsa pulogalamu yathu yaikulu kuchoka pa Python 3.8 kupita pa 3.12 (Python ndi chiyankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta). Python 3.8 inasiya kulandira zokonza za chitetezo mu Okutobala 2024, choncho kukhalabe pamenepo kunali kudziika pangozi. Pulogalamu yeniyeniyo sinandivute kwenikweni. Chomwe chinadya sabata yanga yonse ndi nose, chida chomwe timayendetsera matesti athu, timapulogalamu toyesa ngati pulogalamu yaikuluyo ikugwira bwino ntchito.

Nose imasakasaka matesti onse m'pulojekiti, n'kuwayendetsa, kenako n'kunena omwe adutsa ndi omwe agwa. Panali nthawi yomwe olemba Python ambiri ankaidalira. Version yake yomaliza, 1.3.7, inatuluka mu 2015, ndipo eni ake sanabise kanthu. Analemba poyera kuti sakuikulitsanso, ndipo oyamba ntchito yatsopano aganizire zida zina zoyendetsera matesti monga nose2, pytest kapena unittest. Koma kwathu inkagwirabe ntchito tsiku ndi tsiku, ndiye palibe amene anaona chifukwa choichotsera.

Pip, chida choikira zida za Python, inaiika nose pa 3.12 bwinobwino, osadandaula chilichonse. Nditangoti ndiiyendetse, inagwa isanakhudze testi ngakhale imodzi, ikunena kuti module (chigawo cha Python) yotchedwa imp kulibe. Python inachenjeza kale, pa 3.4 mu 2014, kuti imp idzachotsedwa ndipo anthu asamukire ku importlib. Chenjezolo linabwera nose isanatulutse version yake yomaliza. Anadikira mpaka 3.12, mu Okutobala 2023, ndipamene anaichotsadi. Sindingawaimbe mlandu anthu a Python pamenepa, chifukwa zaka 9 n'zokwanira kwa chida chilichonse chomwe chili ndi mwini wake.

Ndinaganiza zopondera kaye pa 3.10, kuti mwina kumeneko imp ikadalipo, nose iyenda. Inadzuka ndithu, koma posakhalitsa inagwanso, nthawi ino pa collections.Callable. Apa ndinakhalitsa, chifukwa mbiri ya mzere umenewu inandichititsa chidwi. Nose inalembedwa pa Python 2, ndipo ya Python 3 ankaipanga poidutsitsa m'chida chosandutsa code chotchedwa 2to3. Python 3.0 itatuluka inalibe callable(), function yoona ngati chinthu chingaitanidwe, choncho 2to3 ikakumana nayo inkaika collections.Callable m'malo mwake. Pa 3.2 callable() inabwezeretsedwa. Pa 3.10, Callable inachotsedwa mu collections n'kutsala mu collections.abc mokha. Ndiye kuti mzere womwe munthu analemba ndi dzanja lake ukanagwirabe ntchito mpaka lero, koma womwe makina anamulembera pofuna kumuthandiza ndi umene wafa. Ndipo wofuna kuimanganso nose kuchokera ku source amakumana ndi khoma lina, poti setuptools, chida chomangira mapulogalamu a Python, inachotsa use_2to3 pa version 58, mu 2021.

Lachiwiri tinakhala pansi ndi akuluakulu a gulu lathu. Mnyamata wina yemwe wangoyamba kumene ntchito ananena kuti tingoikonza tokha nose, poti mizere yosweka ndi yowerengeka. Maganizo ake sanali opanda pake, ndipo ndinamuuza choncho. Vuto ndi lakuti tsiku lomwe mwakopera chida cha eni n'kuchisoka nokha, mwakhala eni ake ndinu. Python imatulutsa version yatsopano chaka chilichonse mu Okutobala, ndipo chaka chilichonse wina wa ife azikhala pansi n'kumasoka chida chomwe sichili ntchito yathu. Abwana anafunsa za pynose, yomwe anthu ena anaitenga pa nose n'kuikonza kuti iziyenda pa Python watsopano. Ndinawayankha kuti kwa gulu lomwe lathinidwa ndi nthawi ndi mlatho wabwino, koma ife nthawi tinali nayo, ndipo kuli bwino tipite komwe kuli anthu ambiri osamala. Iwo anavomera kuti tisamukire ku pytest. Za kutsekera Python 3.8 mu container, bokosi lodzipatula loyendetseramo pulogalamu, n'kumangopitiriza, palibe anazilimbikira.

Lachitatu linatha ndi ntchito yamanja. Mafayilo ambiri anali ndi assert_equals yochokera ku nose.tools, yomwe imatsamira pa assertEquals ya unittest, nayonso yochotsedwa pa 3.12. Ndinazisandutsa zonse kukhala assert wamba. Makalasi omwe anali ndi setup() ndi teardown() za kalembedwe ka nose ndinawasinthira ku setup_method() ndi teardown_method(), chifukwa pytest 8.0, yomwe inatuluka mu Januwale 2024, inasiya kuzivomereza zakalezo. Pofika madzulo zonse zinali zobiriwira, kusonyeza kuti matesti adutsa.

Kubiriwira kumeneko sindinakukhulupirire. Chida choyendetsa matesti chikasinthidwa, kudutsa kwa matesti sikuuza munthu ngati onse ayendetsedwa. Lachinayi m'mawa ndinadzutsa Python 3.8 yakale ija ndi nose yake, n'kuiuza kuti ingotchula matesti onse omwe ikuwaona, osawayendetsa. Zida zonse ziwiri zili ndi lamulo la --collect-only lochitira zimenezi. Nditaika mindandanda iwiriyo pambalipambali, wa pytest unali waufupi.

Zifukwa zinali ziwiri. Nose ili ndi dzanja lotambasuka posaka: dzina lililonse lokhala ndi mawu oti test koyambirira, kapena pambuyo pa kamzere ka pansi, imalitola. Pytest, mukapanda kuiuza zina, imafuna fayilo yoyamba ndi test_ kapena yothera ndi _test.py, ndi function yoyamba ndi test. Mafayilo ena akale anali kunja kwa malamulo amenewa, ndipo pytest inangowadutsa osanena kanthu. Chifukwa chachiwiri chinali matesti olembedwa ndi yield, omwe pa nose testi imodzi imabala matesti ambiri. Pytest inasiya kuwayendetsa kuyambira pa 4.0, ndipo version yomwe tinali nayo inkangowaika chizindikiro cha xfail, chotanthauza kuti kugwa kwake n'koyembekezereka, chomwe sichifiiritsa zotsatira. Zinali ngati phaso lodyedwa ndi chiswe, kunja kosalala koma m'kati muli mphako.

Ndinawalembanso onsewo ndi pytest.mark.parametrize, njira ya pytest yoti testi imodzi ibale matesti ambiri, n'kusintha maina a mafayilo. Nditayendetsa, gulu limodzi la matesti linagwa, ndipo linagwa pa chifukwa chenicheni. Pulogalamu yathu imalemba malipoti, ndipo gawo losonyeza ngati invoice yalipidwa limachokera ku class yomangidwa pa str ndi Enum pamodzi. Pa 3.8, mukaika chinthu chotere mu f-string, njira ya Python yolowetsera zinthu m'mawu olembedwa, mumapeza mawu omwe chasunga, monga paid. Kuyambira pa 3.11 mumapeza dzina lonse, monga Status.PAID. Pulogalamu sigwa, sichenjeza, imangolemba zina m'lipoti. Makasitomala omwe makina awo amawerenga malipoti athu akanalandira mawu osawadziwa, ndipo ife tikanamva nkhaniyo kuchokera kwa iwo. Matesti ogwira vutoli analipo kuyambira kale, olembedwa bwino ndi munthu yemwe anachoka ndisanabwere. Kukonza kwake kunali kwa mphindi zochepa: StrEnum, yomwe inabwera pa 3.11 pomwepo, imabweza mawu osungidwawo monga kale.

Ndinamuitana mnyamata uja kuti adzaone mindandanda iwiri ija ndi lipoti lolakwikalo. Ndimafuna adziwe kuti ngakhale njira yomwe ndinaikonda ineyo inali ndi msampha wake, ndipo chomwe chinautulukira ndi kufananitsa mindandanda, ntchito yosasangalatsa yomwe munthu wotopa angailumphe mosavuta.

Lachisanu ndinachotsa nose pa mndandanda wa zomwe pulojekiti imadalira, n'kulemba m'kabuku ka gulu momwe matesti akuyendetsedwera tsopano. Ndinaonjezanso lamulo loti DeprecationWarning yochokera mu code yathu izigwetsa matesti, kuti chenjezo lisamangodutsa pa sikirini popanda woliwerenga. Nthawi yotsala ndinayang'ana pa PyPI, malo a pa intaneti osungira zida za Python, tsiku lomwe library iliyonse yomwe timadalira inatuluka komaliza. Imodzi, yaing'ono yowerenga mafomu, yakhala chete zaka zambiri ndipo imaitana module ya cgi. Pa 3.12 ikuyenda. Pa 3.13, yomwe inatuluka mu Okutobala 2024, cgi inachotsedwa pamodzi ndi zina monga telnetlib ndi crypt. Ndinawalembera abwana kuti Lolemba ndiyambire pamenepo, ndipo anayankha kuti ndimutenge mnyamata uja tichitire limodzi.