Amiga 1200 ndi chitseko cha TLS

Pa phunziro la chitetezo cha pa intaneti ndinadzifunsa funso ili: kodi Amiga 1200, kompyuta ya 1992 yomwe purosesa yake imathamanga pa 14 MHz, ingatsegule lero tsamba la HTTPS, lomwe uthenga wake umabisidwa ndi ndondomeko yachitetezo yotchedwa TLS?

Mbali ya mapulogalamu anthu anaikonza kale. Masava ambiri anasiya kuvomera TLS 1.0 ndi 1.1, ndipo mu 2021 bungwe la IETF, lomwe limakonza malamulo a kagwiridwe ntchito ka intaneti, linanena kuti zisamagwiritsidwenso ntchito. Koma AmiSSL inabweretsa pa Amiga OpenSSL, pulogalamu yoyendetsa TLS, ndipo pulogalamu ya Crypto Ancienne ya Cameron Kaiser imathandiza makina akale monga a NeXT kulankhula TLS 1.3, yomwe inatuluka mu 2018.

Pamene pali nkhani ndi pa malonje a kompyuta ndi sava, zisanayambe n'kutumizirana kanthu. Kompyuta ndi sava ziyenera kugwirizana kiyi wachinsinsi, ndipo njira monga X25519 imafuna kuchulukitsa manambala a mabiti 255 kambirimbiri. Purosesa ya mabiti 32 imayenera kuduladula nambala iliyonse, kuchulukitsa zidutswazo, n'kuzilumikizanso. Ikamaliza apo, pali siginecha yoti itsimikize pa satifiketi, chiphaso chosonyeza kuti savayo ndi yeniyeni. Masamu onsewa imawakhoza bwinobwino, koma sava sadikira. Ikapita nthawi yomwe anamuikira, amadula, ngati wogulitsa pa msika amene watopa ndi munthu wowerenga makobidi mmodzimmodzi. Ine ndikuona kuti makinawo sanalephere mayeso, nthawi ndiyo inawathera.

Akadutsa pamenepa zinthu zimapepukako. Njira yobisira uthenga ya ChaCha20 imangofuna kuphatikiza, XOR (kuyerekeza mabiti awiriawiri) ndi kuzungulitsa mabiti 32, ntchito yomwe purosesa yakale imaikwanitsa mosavuta kuposa njira ina yotchedwa AES.

Kenako pali timavuto tina toseketsa. Amiga 1200 inkagulitsidwa yopanda wotchi ya batire, ndipo AmigaOS imayamba kuwerenga masiku pa 1 Januwale 1978. Ukapanda kukonza tsiku, satifiketi yabwinobwino imakanidwa chifukwa kwa kompyutayo nthawi yake sinakwane. Manambala achisawawa opangira kiyi nawonso ndi osowa pa makina otere, ndipo limeneli ndilo limandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa silionetsa chizindikiro chilichonse pa sikirini.

N'chifukwa chake ambiri amaika kompyuta yaing'ono ya Raspberry Pi pakati, yokhala ndi pulogalamu ya stunnel kapena WebOne, kuti ndiyo izichita malonje. Zimayenda ndithu. Koma kuchokera pa Pi kufika pa Amiga uthenga umadutsa poyera, ndiye powerenga nkhani ndilibe nazo vuto, koma pasiwedi ya ku banki sindingailembe pamenepo.