Sabata ino yatha ndi kapamba

Lolemba m'mawa kwathu kojambulira odwala kunabwera kuchokera kuwodi bambo ena a zaka za m'ma 60, maso achikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi wosathira mkaka, thupi kuyabwa, koma m'mimba akuti simupweteka kwenikweni kungoti aonda mpaka lamba anachita kuboola bowo lina. Pafomu adokotala analemba ultrasound (sikani) ya m'mimba. Vuto ndi loti gadiyani wawo, mwana wawo wamkazi, anali atawamwetsa phala chifukwa cha chisoni, nde ndinawauza kuti achemwali mawa bambowa asadye kalikonse kwa maola 6, madzi okha. Anakhumudwa koma anamva.

Kapamba (pancreas) ndi ovuta kumuona pa ultrasound, amabisala kuseri kwa chifu ndipo mpweya wa m'matumbo ukangoima kutsogolo kwake basi skirini yonse imangoti mbuu. Lachiwiri bambo aja ndinawamwetsa makapu a madzi kuti chifu chidzaze, kuwatembenuza uku ndi uku, kuwakhazika tsonga, kukanikiza probe, kachipangizo koyendetsa pamimba kaja, mpaka iwo kuti mwana wanga mundiboola. Chotupa sindinachione bwinobwino ayi, koma ndulu inali yofufuma popanda miyala, njira ya ndulu yakula, njira ya m'kati mwa kapamba nayonso yakula. Ziwirizi zikakulira limodzi timati double duct sign ndipo umadziwiratu kuti china chake chatseka kumutu kwa kapamba, komwe khansa zambiri za chiwalochi zimayambira. Mu lipoti ndinalemba zomwe ndaona ndi mbali yomwe mpweya unatchinga. Ineyo zimandinyansa lipoti longoti "normal" pomwe mchira wa kapamba sunaoneke nkomwe, munthu amabwerera kumudzi ali chisangalalire kuti sikani yatuluka bwino.

Lachitatu linatha ndi kudikira zotsatira za creatinine, mayeso a magazi oonera impso, poti contrast ya ayodini, mankhwala owalitsa ziwalo pa sikani ya CT, sitingangoithira tisanadziwe kuti impso zili bwanji. Apo ndi apo ma X-ray a pachifuwa ndi a kabaza ogwa panjinga, zamasiku onse.

CT inachitika Lachinayi, ndipo apa mpomwe pali ntchito yeniyeni. Si CT ya m'mimba wamba iyi. Timaika cannula yobiriwira ija, kapaipi ka mumtsempha wa pamkono, kuti pampu ikankhe contrast mwachangu, kenako nkhani yonse ili pa masekondi. Pakadutsa masekondi cha m'ma 40 kapamba wabwinobwino amawala kwambiri pomwe chotupa chimatsalira chakuderako chifukwa magazi salowamo ambiri, nde mukajambula mochedwa zonse zimafanana mtundu, chotupa chaching'ono nkukuzembani. Cha m'ma 70 timajambulanso kuti tione chiwindi ndi portal vein, mtsempha wopititsa magazi kuchiwindi. Ndinawachenjezeratu bambowo kuti amva kutentha thupi lonse komanso ngati adzikodzera koma si zoona, asagwedezeke, agwire mpweya ndikanena. Anagwira bwino kuposa anyamata ambiri.

Chotupa chinaoneka kumutu kuja. A radiologist, dokotala wowerenga zithunzizi, sanathere nthawi pa kukula kwake, maso awo anali pa mitsempha, makamaka SMA (mtsempha waukulu wopititsa magazi kumatumbo) ndi portal vein, chifukwa chikazungulira mtsempha kupyola theka opaleshoni ya Whipple, yochotsa mutu wa kapamba, imakhala yovuta kapena yosatheka kumene. Odwala ambiri amafika zitafalikira kale, oti nkuchitidwa opaleshoni sakwana olo kota. Kwa bambowa chinali chitangokhudza vein pang'ono, chiwindi chilibe madontho ooneka.

Lachisanu pa mitingi ma surgeon anafuna MRI, sikani ina yogwiritsa ntchito maginito, kuti atsimikize za chiwindicho, poti timadontho tating'ono CT imatha kutiphonya, wina anatchulanso EUS, kamera yolowera kukamwa yokhala ndi ultrasound kunsonga yomwe imatha kutenganso kanyama kokayeza. Izi sizipezeka paliponse ndipo ku private ndi ndalama zambiri, banja likukambirana zogulitsa ng'ombe. Zithunzi ndawakopera pa CD, mwana wawo uja abwera kudzatenga Lolemba pamodzi ndi kalata ya referral.