Manda apakati pa minda ya chimanga ku Illinois

Ndinakhala masana athunthu m'manda ena ang'onoang'ono a kumidzi ya ku Illinois, m'dziko la America, ozunguliridwa ndi chimanga ndi soya mbali zonse, ndipo chimene chinandigwira mtima kwambiri si miyala yokha ayi, koma udzu umene wamera pakati pake.

Kuti munthu amvetse chifukwa chimene manda otere amakhalira pakona ya munda, kutali ndi nyumba iliyonse, ayenera kubwerera m'chaka cha 1785, pamene boma la America linalamula kuti malo a kumadzulo ayezedwe m'zigawo zotchedwa township, chilichonse mamailosi 6 m'litali ndi 6 m'lifupi, chogawidwanso m'magawo 36 a maekala 640. Gawo la nambala 16 linkasungidwira sukulu, koma akufa sanawasiyire malo. Motero kawirikawiri mlimi amene wataya mwana ankapatula kamtunda m'munda mwake, anansi nawonso n'kumabwera ndi maliro awo, mpaka malowo n'kuperekedwa m'manja mwa mpingo kapena akuluakulu a township. Eni nthaka oyamba, monga a Kickapoo ndi a Potawatomi, anali atachotsedwa kale pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1830, ndipo palibe mwala umene ukuwatchula.

Miyala yakale kwambiri ndi ya mabo, yoyera koma yofewa, kotero kuti mvula yafufuta mayina ambiri. Yolimba ya granite inafala pambuyo pake. Ndinaima nthawi yaitali pa timiyala ta ana a banja limodzi, tondondozana, masiku awo omwalira atayandikana moti munthu sangalephere kuganizira za diphtheria, nthenda yapakhosi imene inkapulula ana katemera asanabwere. Chapafupi pali miyala imene boma linapereka kwa asilikali a nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865.

Nanga udzu uja? John Deere, wosula zitsulo, atapanga pulawo yachitsulo m'mudzi wa Grand Detour ku Illinois komweko mu 1837, dambo lalikulu la udzu wachilengedwe linayamba kutembenuzidwa, ndipo lero ku Illinois wotsala sukwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100. Koma pamanda ngati amenewa pulawo sinadutse. N'chifukwa chake malo ngati Loda Cemetery Prairie, udzu wachilengedwe wa pamanda a ku Loda, ali otetezedwa ndi boma, ndipo amatenthedwa mwadala kuti mitengo isalande malo a udzuwo.

Pano ndi pamene anthu amasiyana maganizo. Ena amaona kuti udzu wofika m'mapewa ndi chipongwe kwa makolo awo, ndipo amafuna kuti uzitchetchedwa. Ndikuwamvetsa, pakuti nanenso ndinavutika kupeza mizere ina ya manda, koma ine ndili kumbali ya ousiya. Umenewu ndiwo udzu umene olira oyamba anaupatula ndi manja pofuna pokumba, ndipo mwala wina wa mwana ndinaupeza pokhapokha nditachita chimodzimodzi.